Kodi Chesa Boudin anagwetsedwa ndi umbanda kapena ndi mavidiyo?

aPhiri, Kabwata

Abale ndi alongo a pa gulu lino, popeza nkhani ya ma junkie ndi ya anthu otulutsidwa pa bondi yatitengetsa mitima masiku ano, ndafuna kuti tione zomwe zinamugwera Chesa Boudin wa ku America, amene anali District Attorney wa mzinda wa San Francisco, ndiye kuti mkulu woimira boma pa milandu ya mumzindawo. Kumeneko mpando umenewu amachita kuvotera, pamene kwathu kuno DPP, mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, amasankhidwa ndi pulezidenti n'kuvomerezedwa ndi nyumba ya malamulo. Boudin anapambana mu Novembala 2019, kuposa womutsatira ndi mavoti osakwana 3,000, anayamba ntchito mu Januwale 2020, ndipo pa 7 Juni 2022 anthu a mumzinda womwewo anamuchotsa pa mpando nthawi yake isanakwane.

Asanalowe mu ofesiyo anali loya woimira amphawi pa milandu. Analonjeza kuti ofesi yake ileka kupempha khoti kuti belo ikhale ya ndalama, kuti achepetsa anthu m'ndende potumiza ena ku chithandizo cha matenda a maganizo ndi cha mankhwala osokoneza bongo, ndiponso kuti wapolisi akalakwa azengedwa mlandu monga wina aliyense. Funso langa ndi ili: kodi anamuchotsa chifukwa umbanda unakuladi m'manja mwake, kapena chifukwa cha zomwe anthu ankaonetsedwa pa TV ndi pa foni tsiku ndi tsiku?

Mayi Tembo, Kanyama

Bambo Phiri, funso lanu likumveka ngati yankho mwalikonza kale. Ine ndili ndi kagolosale, ndipo sindidikira nyuzipepala kuti indiuze ngati kuli akuba kapena ayi. Loko ndimasintha ndine, ndipo nthawi yotsekera ndimaiona ndekha kuti ikufulumira chaka ndi chaka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu a ku San Francisco ngati anavota kuti munthuyo achoke, tisawatenge ngati ana oti anangonamizidwa ndi atolankhani.

aZulu, Chelstone

Mayi Tembo, mantha anu ndi enieni ndipo palibe angawatsutse. Komabe ine ndagwirapo ntchito yosanja nkhani, ndipo ndikufuna ndikuonetseni mmene chinthu chimodzi chimakulira mpaka kuphimba mzinda wonse.

Mu Juni 2021 mtolankhani wina wa pa TV anajambula pa foni mwamuna ali mu sitolo ya mankhwala ya Walgreens ku San Francisco, akudzaza katundu m'chipepala chakuda cha zinyalala, kenako n'kukwera njinga yake n'kutuluka, mlonda atangoima akumujambulanso. Vidiyoyo ndi ya masekondi ochepa chabe, koma inaonedwa ndi anthu mamiliyoni ndipo mawayilesi a dziko lonse anaibwereza mpaka kutopa nayo. Uthenga wake unali woti ku San Francisco kuba n'kololedwa chifukwa wozenga milandu sazenga. Zomwe zinatsatira ndi ochepa amene anazimva: mwamunayo anagwidwa, ofesi ya Boudin yomweyo inamuzenga mlandu, anavomera, ndipo anamulamula kukakhala kundende miyezi 16. Nkhani ya chigamulo ilibe njinga, ilibe mlonda, ndiye siiyenda pa foni.

Mu Okutobala chaka chomwecho Walgreens inalengeza kuti itseka masitolo asanu mumzindawo chifukwa cha akuba, ndipo atolankhani ambiri anangolemba monga anauzidwira. Pofika Januwale 2023, mkulu woona za chuma pa kampaniyo, James Kehoe, anauza eni masheya kuti mwina kampaniyo inalira mopitirira pa nkhani ya kubayi. Apo n'kuti Boudin atachoka kale. Onjezerani kuti lamulo lomwe anthu ankadandaula nalo, loti kuba katundu wosapitirira madola 950 ndi mlandu waung'ono, analivomereza ndi anthu ovota a m'chigawo chonse cha California mu 2014, Boudin asanakhale n'komwe pa mpandowo.

aBanda, Matero

Achimwene aZulu, mwasankha nkhani yokomera mbali yanu. Bwanji simukunena za pa 31 Disembala 2020, pamene munthu wina woyendetsa galimoto yakuba anagunda n'kupha amayi awiri oyenda pansi? Munthuyo anali atatuluka m'ndende chaka chomwecho atagwirizana za chilango ndi ofesi ya Boudin, ndipo m'miyezi yotsatira apolisi anamugwiranso kangapo, koma ofesiyo sinamutsegulire mlandu watsopano, inangopereka nkhani yake kwa oyang'anira akaidi omasulidwa. Amayi awiriwo sanaphedwe ndi vidiyo.

Ndiye panali nkhalamba ya zaka 84 yochokera ku Thailand, yomwe mnyamata wina anaikankhira pansi mu Januwale 2021 ikuyenda m'mawa, n'kumwalira. Boudin anamutseguliradi mnyamatayo mlandu wakupha, koma polankhula ndi nyuzipepala ya New York Times anafotokoza khalidwe la mnyamatayo tsiku limenelo ndi mawu omwe amanenera mwana wovuta akapsa mtima. A banja la malemu anamva ngati akuchepetsa imfa ya bambo awo. Mumzinda momwe pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ndi wochokera ku Asia, pa nthawi yomwe anthu amenewa ankachitiridwa nkhanza m'misewu, mawu otere sakhululukidwa msanga. Mkulu wa milandu ayenera kudziwa kulankhula pamaliro. Uyu ankayankha anamfedwa ndi ziwerengero.

Mwale, wophunzira za malamulo, Kalingalinga

Bambo Banda, ndikuvomereza kuti nkhani ya galimoto ija ndi chilema chenicheni pa ofesiyo, ndipo mlandu wake sungakankhidwire kwa atolankhani. Chomwe ndikupempha akuluakulu anga ndi choti tisiyanitse ntchito. Wozenga milandu sagwira wakuba. Amayamba ntchito pamene apolisi amubweretsera doketi yokhala ndi munthu ndi umboni. Dandaulo lalikulu la anthu a ku San Francisco linali la kuphwanyidwa kwa magalasi a galimoto n'kuba zikwama, ndipo pa milandu yotereyi apolisi ankagwira anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi madandaulo omwe ankalandira. Wakuba yemwe sanagwidwe safika pa tebulo la wozenga milandu, kaya wozengayo ndi wankhanza kapena wachifundo. Anthu ogona m'matenti m'mbali mwa misewu, uve wa m'tauni, kuchepa kwa nyumba, zonsezo zili m'manja mwa meya ndi khonsolo. Koma pa nkhani za madzulo nkhope yomwe inkatsagana ndi zithunzi zimenezi inali ya Boudin.

Tisaiwalenso kuti bungwe la apolisi a mumzindawo ndi anzawo anawononga madola oposa 600,000 pomutsutsa pa chisankho cha 2019, ndipo mu Novembala 2020 iye anatsegulira mlandu wapolisi wina amene anawombera n'kupha munthu ali pa ntchito, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo mumzindawo. Mtolankhani wolemba za umbanda nkhani zake zambiri amazitenga ku polisi. Ngati gwero lako la tsiku ndi tsiku lili pa udani ndi munthu amene ukumulemba, owerenga ayenera kudziwitsidwa zimenezo.

aPhiri, Kabwata

Mwale wanena zomwe ndinazionera pafupi pamene ndinali kalaliki ku khoti. Munthu amabwera atakwiya kuti wakuba wake wamasulidwa, n'kumatukwana majisitireti, osadziwa kuti mboni sizinabwere katatu kapena kuti doketi inafika yopanda kanthu.

Pa za ziwerengero, aBanda, ndikudziwa kuti sizitonthoza wofedwa, komabe popanda izo sitingadziwe ngati mfundo ya munthu ndiyo yabweretsa vuto. M'chaka cha 2020 kuphana kunakwera ndi pafupifupi 30 peresenti m'dziko lonse la America, m'mizinda ya ozenga milandu ofewa ndi ya ouma mtima momwe, ngakhalenso kumidzi. Ku San Francisco anthu ophedwa anali 41 mu 2019, 48 mu 2020 ndi 56 mu 2021. Kukwera kulipo, koma kukufanana ndi komwe kunachitika kwina konse, ndipo mzindawo unakhalabe m'gulu la mizinda ikuluikulu yomwe kuphana n'kochepa. Boudin anangokhala pa mpando miyezi iwiri COVID-19 n'kutseka chilichonse. Alendo analeka kubwera, maofesi anatsekedwa, milandu ina inatsika pamene kuthyola nyumba kunakwera. Kusiyanitsa dzanja la mliri ndi dzanja la wozenga milandu pa zaka ziwiri zimenezo ndi ntchito yovuta, ndipo mitu ya nkhani sinkavutika nayo.

Chomwe chinkapha anthu ambiri mumzindawo ndi mankhwala osokoneza bongo, makamaka fentanyl. Mu 2020 anafa anthu oposa 700, ndipo otsutsa ankati n'chifukwa Boudin sankamanga ogulitsa mokwanira. Mu 2023, pansi pa wolowa m'malo mwake amene analonjeza kuwakhaulitsa, anafa oposa 800.

Mayi Tembo, Kanyama

Bambo Phiri, ziwerengero zimawerenga okhawo amene anapita kukadandaula. Foni ikatsomphoredwa pa Lumumba Road kapena pa City Market, ndi angati amene amapita ku polisi? Ambiri amangopita kukatseketsa nambala n'kugula ina yotchipa. Buku la apolisi lidzati kuba kwatsika, pamene chomwe chatsika ndi chikhulupiriro cha anthu. Sindikuona chifukwa choti ku America kukhale kosiyana.

aPhiri, Kabwata

Pa kuba kwa foni ndi kwa m'masitolo mukunena zoona, mayi. N'chifukwa chake ndatchula za maliro, popeza mtembo subisika m'buku la apolisi.

Amake Dalitso, Chawama

Ine ndawerenga zonse mwakachetechete, koma nkhani ya belo yandikhudza. Mwana wa achemwali anga anagwidwa pa mlandu wa foni yomwe anagula kwa mnzake osadziwa kuti ndi yakuba. Khoti linamupatsa belo, koma linati abwere ndi anthu awiri a pa ntchito yodziwika omuimirira, okhala ndi makalata ochokera kwa mabwana awo. Ife pa mtundu pathu tonse ndi ogulitsa pa msika ndi a maganyu. Kalata yotere tikanaitenga kuti? Mnyamatayo anakhala pa rimandi miyezi yambirimbiri. Tsiku la khoti tinkadzuka usiku kuphika nsima ndi kapenta, n'kukaima panja kudikira kasalanga, ndipo akamatsika awiriawiri atamangidwa unyolo tinkayang'ana ngati waonda kapena ngati zipere zamutuluka. Mlandu unkangosunthidwa, lero wodandaula sanabwere, mawa wapolisi ali ku maphunziro. Pomaliza unathetsedwa chifukwa wodandaulayo sanaonekenso. Ntchito yake yotsuka galimoto anaipeza atapatsa wina.

Palibe anajambula vidiyo ya zimenezi, ndipo ikanajambulidwa palibe akanaitumiza pa gulu. Choncho mukanena za munthu amene anati kukhala m'ndende mlandu usanazengedwe kusadalire thumba la munthu, ine ndikumumvetsa. Mayi Tembo, sindikunyoza loko wanu, mwana wanga Dalitso nayenso analandidwapo chikwama pobwera ku sukulu. Ndikungoti ovutika ndi nkhaniyi ali mbali ziwiri, koma pa wayilesi timamva mbali imodzi.

aZulu, Chelstone

Amake Dalitso, mwafika pamene ine ndimalephera kufika ndi mawu anga. Kamera imaona chomwe chachitika pa msewu. Munthu amene sanabwerere ku umbanda chifukwa anatumizidwa ku chithandizo alibe chithunzi, ndiponso wosalakwa amene akugona mothinana m'chitolokosi alibe chithunzi.

Ndionjezere za usiku wa voti ija. Zotsatira zoyambirira zinasonyeza kuti pafupifupi 60 peresenti akufuna achoke, ndipo nyuzipepala zikuluzikulu zinalemba usiku womwewo kuti ngakhale mzinda wa anthu omasuka maganizo wakana kusintha kayendetsedwe ka milandu. Mavoti onse atawerengedwa, chiwerengero chinatsika kufika pa 55 peresenti, ndipo anthu pafupifupi 100,000 amene anavota kuti akhalebe anali ochuluka kuposa amene anamuika pa mpando mu 2019. Tsiku lomwelo, kutsidya kwa nyanja ku Contra Costa, Diana Becton, wa maganizo ofanana ndi ake, anapambananso. Koma mutu wa nkhani unali utapita kale.

Kampeni yomuchotsa inali ndi madola oposa 7 miliyoni, ambiri ochokera kwa anthu olemera ochepa. Brooke Jenkins, amene anasiya ntchito mu ofesi ya Boudin n'kukhala nkhope ya kampeniyo, ndi amene meya London Breed anamupatsa mpandowo mu Julayi 2022, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti analandira madola oposa 100,000 monga mlangizi ku bungwe logwirizana ndi othandiza kampeniyo. Pa nthawi ya kampeni anthu ankamudziwa ngati wongodzipereka.

Chizolowezi chothamangira chigamulo sichinathe ndi kuchoka kwa Boudin. Mu Epulo 2023 Bob Lee, amene anayambitsa Cash App, njira yotumizira ndalama pa foni, anabayidwa n'kufa mumzindawo, ndipo anthu otchuka pa intaneti, kuphatikizapo Elon Musk, anafulumira kuloza umbanda wa m'misewu. Amene anagwidwa n'kupezeka wolakwa anali munthu wodziwana naye, wogwira ntchito za makompyuta.

aNyirenda, Woodlands

Ndalowa mochedwa, koma mundilole ndipatukeko pang'ono ndi munthu amene tinamuona ndi maso kuno, Kamala Harris, amene anabwera ku Lusaka pa 31 Malichi 2023 ali wachiwiri kwa pulezidenti wa America n'kukaona malo omwe ankakhala agogo ake aamuna, P.V. Gopalan, omwe ankathandiza boma la Kaunda pa nkhani ya othawa kwawo m'zaka za m'ma 1960. Mayiyu anakhalapo pa mpando womwewo wa San Francisco kuyambira 2004 mpaka 2011. Mu 2004 anakana kupempha chilango cha imfa kwa munthu amene anapha wapolisi, ndipo apolisi anamuda kuti ndi wofewa. Mu 2019, akufuna upulezidenti, a chipani chake chomwe ankamunena kuti anali wankhanza womanga amphawi ndi osuta chamba. Mu 2024 kampeni yake inkanyadira kuti anali wozenga milandu, pamene otsutsa ankati ndi wolekerera zigawenga. Mbiri ya ntchito yake sinasinthe pa zaka zonsezi, madoketi ndi omwewo. Chomwe chinkasintha ndi mantha omwe anali pa msika chaka chimenecho.

Boudin nayenso ankamulemba kudzera mwa makolo ake. Kathy Boudin ndi David Gilbert anamangidwa chifukwa cha kuba kwa galimoto ya ndalama ya Brink's mu 1981, komwe apolisi awiri ndi mlonda mmodzi anaphedwa, iye ali khanda la miyezi 14. Omukonda ankati munthu wokulira pa mzere wokaona akaidi ndiye amadziwa ndende. Omuda ankati mwana wa zigawenga sangakonde apolisi. Onse awiri ankasiya kuyang'ana madoketi.

aBanda, Matero

Nonsenu mwalankhula bwino, koma ngati vuto linali vidiyo imodzi ndi anthu olemera ochepa, tifotokozereni za 2024. Mu Novembala chaka chimenecho ozenga milandu ena awiri a maganizo ngati a Boudin anagwa: George Gascón anagonja kutali pa chisankho ku Los Angeles, Pamela Price anachotsedwa pa mpando ku Alameda County komwe kuli mzinda wa Oakland, ndipo anthu a California yense anavomereza Proposition 36 yomwe inakhwimitsanso zilango za kuba ndi za mankhwala. Anthu mamiliyoni sangapusitsidwe onse zaka zinayi zotsatizana. Pali chinachake chomwe ankachiona potuluka pakhomo.

Mwale, Kalingalinga

Bambo Banda, zimenezo n'zoona, koma ku Philadelphia Larry Krasner, wa mfundo zomwezo, anasankhidwa mu 2017 n'kusankhidwanso mu 2021 pamene kuphana kunali pamwamba kwambiri mumzindawo, ndipo mavoti ake ambiri anachokera m'makomboni a anthu akuda momwe mfuti zimalira. Iwowo ndi amene amadziwa umbanda ndiponso ndende, zonse ziwiri pa banja limodzi, monga afotokozera Amake Dalitso.

Kwathu kuno DPP sitimuvotera, ndipo malamulo oyendetsera dziko amati pa ntchito yake asalamulidwe ndi munthu aliyense, komabe mbiri yake imapangidwa ndi nyuzipepala chimodzimodzi. Akuluakulu mukukumbukira Mutembo Nchito. Pa nthawi ya Mwanawasa anali mmodzi wa ozenga milandu ya katangale, kuphatikizapo wa Chiluba amene khoti linamupeza wosalakwa mu 2009. Kwa owerenga The Post anali ngwazi, kwa owerenga nyuzipepala zina anali chida cha kagulu ka anthu. Atakhala DPP anamangidwa mu 2015, analowetsa nolle prosequi, chikalata choimitsa kuzenga mlandu, pa mlandu wake womwe, anaimitsidwa chaka chomwecho n'kuchotsedwa mu 2016. Lillian Siyuni nayenso anachotsedwa mu 2022. Pa onsewa, zomwe tinkakambirana zinali milandu ya andale. Sindinamvepo pulogalamu yoimba foni pa wayilesi ikufunsa DPP aliyense kuti ndi anthu angati ali pa rimandi ku Chimbokaila kapena ku Kamwala, kapena kuti lamulo la 2010 lolola wozengedwa kugwirizana ndi boma za chilango likugwiritsidwa ntchito motani kwa wakuba nkhuku.

aZulu, Chelstone

Ndipo ife a Lusaka tisamaone ngati kutengeka ndi foni ndi matenda a azungu. Kumayambiriro kwa 2020, mphekesera za anthu opopera gasi m'nyumba zitayambira ku Chingola n'kufalikira pa WhatsApp ndi pa Facebook, anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya m'dziko muno, ena chifukwa chongokhala achilendo pa malopo. Usiku tinkagona ndi zibonga pa mutu wa bedi. Mantha anali enieni, koma ambiri mwa ophedwawo palibe khoti lomwe linawapeza ndi mlandu.

Mayi Tembo, Kanyama

Za gasi ndikuzikumbuka, aZulu, ndipo sindifuna kuzionanso. Koma anthu amatenga miyala pamene aleka kukhulupirira kuti khoti ligwira ntchito, ndipo wozenga milandu amene akuoneka ngati akumvera chisoni wakuba kuposa woberedwa amawonjezera kusakhulupirira kumeneko, ngakhale ziwerengero zake zikhale zolondola. Amake Dalitso, pepani ndi zomwe zinamuchitikira mwana wathu, ndipo pa za anthu awiri a pa ntchito omuimirira ndili nanu limodzi, lamulo limenelo limalanga umphawi. Pa za Boudin sindinasunthe: ndikanakhala ndi golosale ku San Francisco ndikanavota kuti achoke.

Inu aZulu, popeza muli ndi anzanu m'manyuzipepala, kawauzeni kuti akatiwonetsa wakuba akugwidwa azitiwonetsanso tsiku la chigamulo chake. Ndipo iwe Mwale, unditumizire kumbali mmene ndingadziwire tsiku lomwe mlandu wa amene anathyola kwanga ulowenso, chifukwa samoni yoyamba inandipeza tsiku litadutsa kale.